Kulondola makolo kuchokera kuphiri la Nkhoma

Munthu wa kuno kwathu akafuna kudziwa makolo ake asataye nthawi kufunafuna setifiketi ya kubadwa ya agogo ake, chifukwa kulibe. Lamulo la atsamunda la 1904 linkakakamiza kulembetsa ana a azungu ndi a amwenye okha. Mwana wa m'mudzi ankabadwira m'chikuta, mchombo n'kugwa, dzina n'kupatsidwa, boma osadziwako kanthu mpaka tsiku limene wamera ndevu n'kuyamba kufunidwa msonkho. Lamulo loti mwana aliyense wobadwa alembetsedwe linayamba kugwira ntchito mu 2015, ndipo chiphaso cha unzika ambirife tinachigwira koyamba kalembera wa 2017 atadutsa. Ndi dzulodzuloli.

Komatu mapepala alipo. Ena ali m'masutikesi achitsulo kunsi kwa bedi, ena m'makabati a kutchalitchi, ena ku Zomba, ena kutali ku Johannesburg. Amene ankawalemba anali wokhometsa msonkho, wolemba anthu ntchito ndi mmishonale, ndipo onsewa funso lawo loyamba linali loti bambo ako ndani. Pamene ife Achewa a kuno ku Lilongwe ndi Dedza munthu timamudziwira bele limene anayamwa. Munda ndi wa kwa mayi, manda ndi a kwa mayi, ufumu umagwera mwana wa mlongo. Pepala limalondola mwamuna, mudzi umalondola mkazi, ndipo wofufuza amene wagwira chimodzi n'kutaya chinzake amathera panjira. Ine ndinayambira kwa amayi, ndipo aliyense wondifunsa ndimamuuza kuti ayambire komweko.

Amene anandipatsa maziko a zonse zimene ndikudziwa ndi agogo aang'ono, mng'ono wawo wa mayi a mayi anga. Sukulu sanapiteko, koma mbumba yonse inali m'mutu mwawo, ndi ana omwe amene anapita asanatuluke m'chikuta, amene amuna sawawerengera n'komwe poti nthayo amakaika ndi amayi okhaokha. Munthu wotere sumufikira ndi kope m'manja. Umapita ndi shuga ndi mchere, umakhala nawo pamphasa, umathandiza kusenda mtedza, nkhani n'kumabwera yokha. Funso loti "amayi anu dzina lawo anali yani" silipita patali, chifukwa mayi wachikulire wa kwathu satchula chisawawa dzina la mwamuna wake, la apongozi ake kapena la kholo lake. Angokuuza kuti "a Phiri aja" kapena "make uje," basi. Dzina limatuluka ukalizungulira.

"Agogo, kodi dzina munapatsa mwana wa alongo anga lija linali la yani?"

"Iii, mwana iwe, si la amayi athu aakulu limenelo? Amene anatilera ife aja, amayi atapita kuchitengwa."

M'yankho limodzi lomwelo munatuluka dzina, munatuluka bele lina la mbumba yathu, munatulukanso ukwati wa chitengwa umene palibe anali atandiuzapo. Mafunso amene amabala zipatso ndi a zinthu zogwirika. Munda wa kudambo uja anaswa mphanje ndani? Mango a pabwinja paja anabzala ndani? Paukwati wanu nkhoswe anali ndani? Nanga pamaliro a uje anameta ndani? Nkhoswe sasankhidwa mwachisawawa, ndipo ukadziwa amene anaimira ukwati wadziwa mwinimbumba wa nthawi imeneyo.

Pofunsa chonchi khutu lizikhala tcheru pa mawu achibale. Kwathu mkulu ndi mng'ono wa mayi ako onse ndi amayi, ana awo onse ndi abale ako, ndipo palibe amaona chifukwa chosiyanitsa. Wolemba mbiri ayenera kufunsa nthawi zonse kuti, "M'mimba imodzi?" Akapanda kutero apeza mayi mmodzi ali ndi ana osawerengeka obadwa pa zaka makumi asanu. Chimodzimodzinso ndi maufumu. Nyakwawa ya kwathu ikamafotokoza imati, "Ine ndinatsika m'phiri ndi anthu anga n'kudzamanga pano," pamene munthuyo anabadwa nthawi ya Chitaganya. Sikuti ikunama ayi. Inalowa dzina, ndipo polowa dzinalo inalowanso ntchito za eni dzina onse akale ndi chibale chawo chomwe. Uyenera kufunsa mwaulemu kuti pa dzinali iwo ndi achingati, ndi kuti aliyense wa am'mbuyowo anabadwa kwa mayi uti. Apo ndi pamene munthu mmodzi wa m'nkhani amasanduka anthu anayi kapena asanu.

Zaka nazo zili ndi njira yake. Agogo aang'onowo chaka chawo chobadwa sankachidziwa, koma ankadziwa kuti pa njala ya 1949 anali ndi mwana wachiwiri kumbuyo. Apo ndinatha kuwerengera kuti anabadwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920. Akuluakulu amakumbukira ndi zochitika: nkhondo ya chiwaya ya 1914 mpaka 1918, fuluwenza imene inatsatira nkhondoyo, dzombe la kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, njanji kufika ku Salima mu 1935, Chitaganya mu 1953, mavuto a 1959, ndalama kusintha kuchoka ku mapaundi kupita ku kwacha mu 1971. Umangofunsa kuti pamenepo anali msinkhu wanji, akukwawa, akuweta mbuzi, atatha msinkhu kapena ali pabanja. Chaka chotere ndimachilemba ndi pensulo, chifukwa pepala lina likhoza kudzachisuntha.

Amuna ndimawafunsa paokha. Malume amadziwa malire a minda, milandu, amene analipa mbuzi ndi chifukwa chake, amene anapita kuntchito n'kubwera ndi njinga. Nthawi zina zimene anena malume zimasemphana ndi za agogo. Sindisankha kuti wolondola ndi uyu. Ndimalemba zonse ziwiri, wonena, malo ndi tsiku limene ananena. Kope langa ndinaligawa motsata amayi: tsamba limodzi mayi mmodzi, ana ake mwa ndondomeko ya kubadwa, amoyo ndi omwalira, kenako m'mbali amuna amene anamukwatira ndi midzi imene anachokera. Mafomu a mtengo wa banja amene amapezeka pa intaneti anapangidwira anthu otsata kwa bambo, ndipo mbumba simakwanamo. Masiku ano foni imajambula mawu, ndi chinthu chabwino kwambiri, koma upemphe kaye. Pali nkhani zina zimene munthu wamkulu amakuuza iwe, osati foni.

Ukamva zokwanira, nyamuka uyende. Mudzi wa Achewa unkasamukasamuka, nthaka ikaguga, imfa zikachuluka kapena abale akayambana, ndipo bwinja lililonse lili ndi zizindikiro zake: mango akuluakulu pakati pa munda, mpanda wa nkhadze wopanda nyumba, mapale otuluka khasu likagunda. Makolo a mayi anga anali m'gulu la anthu a Mazengera amene anathawira pamwamba pa phiri la Nkhoma poopa nkhondo za Angoni ndi za ogwira akapolo. Kukwera phirilo ndi munthu wolidziwa n'kosiyana ndi kungomva. Umaona wekha kuchepa kwa malo olima pakati pa matanthwe, kutalika kwa kokatunga madzi, ndipo umamvetsa chifukwa chimene agogo ankanenera kuti amayi a mayi awo anabereka ana ambiri koma anakula atatu okha.

Kumanda sikolowa wekha. Upite kwa amfumu, akupatse adzukulu okuperekeza, makamaka poti m'midzi yambiri kumeneko n'kufupi ndi dambwe. Ziliza za simenti ndi zaposachedwa, ndipo chaka chobadwa cholembedwa pachiliza nthawi zambiri chinangoganiziridwa tsiku lomanga. Chimene manda amanena mosanama ndi malo ogona. Anthu a bele limodzi amagona chigawo chimodzi. Mkamwini, ngakhale anakhala m'mudzimo zaka makumi anayi n'kumanga nkhokwe zodzaza, kawirikawiri ankanyamulidwa kukagona kwawo. Ndiye ukapeza mwamuna wobwera atagona pakati pa eni mudzi, pamenepo pali nkhani, ndipo ukamusowa kholo lako lachimuna m'manda a kwanu, funsa kumene maliro ake analowera. Mudzi umenewo ndi kumene kuli theka lina la magazi ako.

Mwa olemba mapepala aja, mmishonale yekha ndiye ankalembako mkazi ndi dzina lake, ngakhale kuti ankamuika pansi pa mwamuna. Kuno kwathu mabuku otere anayamba ndi a Dutch Reformed. A. C. Murray ndi T. C. B. Vlok anatsegula Mvera mu 1889, ndipo mu 1896 mishoni inafika patsinde pa phiri la Nkhoma, Mazengera atailandira. Munthu sankangobatizidwa lero ndi lero. Ankalowa kalasi, n'kukhalamo zaka, ndipo sitepe iliyonse inkalembedwa: kulowa kalasi, ubatizo, ukwati, ubatizo wa ana, kudulidwa, kubwezeredwa, kalata ya msamuko. Kumpingo wa kwathu, abusa atavomera, mlembi wa mpingo ananditulutsira buku lalitali la chikuto cholimba, mapepala ake achikasu, inki itasanduka yofiirira. Tinkatsegula ndi manja awiri. Mayi a agogo anga tinawapeza, koma osati ndi dzina limene ndinapita nalo. Anali ndi dzina la paubwana, lina la kuchinamwali, ndipo m'bukumo munali lachitatu, la m'Baibulo. Chimene chinatitsimikizira kuti ndi iwo ndi mayina a ana awo patsamba la ubatizo wa makanda, otsatizana ndendende monga ankawatchulira agogo aang'ono.

Buku limene ambiri amalidumpha ndi la zokambirana za akulu a mpingo. Ena amachita nalo manyazi poti ndi la milandu, koma ine ndimaliona kuti ndi lolemera kuposa la ubatizo, chifukwa mmenemo anthu akuchita zinthu. Mayi a agogo anga aja anadulidwa chifukwa chofulula mowa wa maliro a malume awo, ndipo patapita nthawi anabwezeredwa. Mzere umodzi umenewo unandipatsa chaka chimene malumewo anamwalira, munthu amene sanapondeko kutchalitchi ndipo salembedwa pena paliponse. Unandionetsanso mayi amene anakonda mpingo koma sanalole kuti mwinimbumba wake apite opanda mwambo. Sindikuona chochititsa manyazi pamenepa.

A Katolika mabuku awo ndi osamalika mwa mtundu wina. Ansembe a White Fathers anafika ku Mua mu 1902, kenako ku Bembeke ndi malo ena, ndipo m'buku lawo la ubatizo mumakhala bambo, mayi, mudzi ndi womuimira, pamene ukwati ndi ulimbitso wa munthuyo zimadzalembedwa m'mbali mwa mzere womwewo ngakhale zichitikire ku parishi ina. Ungodziwa kuti mayina ali m'Chilatini, Petulo ndi Petrus, Yohane ndi Joannes, ndi kuti mabuku a tsiku ndi tsiku a ansembe oyambawo ali m'Chifalansa. Koma tisadzinamize. Anthu ochuluka a m'badwo umenewo kuno ku chigawo chapakati sanalowe kalasi, anakhalabe kudambwe ndi kumizimu ya makolo, ndipo mbiri ya banja yomangidwa pa mabuku a mpingo okha imasandutsa aliyense Mkhristu n'kufufuta theka la mudzi.

Ku Zomba munthu apite atakonzeka. National Archives of Malawi inayamba mu 1947 ngati nthambi ya Central African Archives, ndipo isanabadwe n'komwe moto unali utawononga kale zambiri: mu 1919 maofesi akuluakulu a boma ku Zomba anapsa, ndi mafailo a zaka zoyambirira za ulamuliro wa atsamunda. Amene anapulumuka ndi mapepala amene anali m'maboma, makamaka mabuku a boma lililonse amene a DC ankalembamo midzi, mafumu, mibadwo ya mafumuwo, chiwerengero cha nyumba zokhoma msonkho, njala, miliri ndi misewu. Ena mwa mabuku amenewa anajambulidwa mothandizidwa ndi British Library, ndipo amawerengeka pa intaneti kwaulere. Palinso mabuku a makhoti a mafumu, amene anayamba ndi malamulo a 1933, momwe muli milandu ya maukwati, chigololo, ngongole ndi minda, mayina a anthu wamba ali mbwee.

Usayembekeze kuti ukatchula dzina la agogo ako wina akakutulutsira failo. Munthu wamba amapezeka m'mapepala a boma ngati anali mfumu, msilikali, mphunzitsi, mesenjala kapena woimbidwa mlandu. Chimene umapeza kwenikweni ndi dziko limene ankakhalamo: chaka chimene msonkho unafika m'dera lanu, chaka chimene mudzi wanu unayamba kulembedwa paokha, mfumu imene unali pansi pake. Msonkho wa nyumba unali mashiling'i atatu mu 1894, ndipo ndalama yochepa imeneyo ndi imene inatulutsa amuna ambiri m'midzi kukafuna ntchito. Mibadwo ya mafumu yolembedwa ndi a DC uiwerenge ndi diso lakuthwa. Inanenedwa kudzera mwa womasulira, ndi munthu amene ankafuna kuti mzungu amuzindikire kuti mwini dziko ndi iye, makamaka lamulo la 1912 litayamba kukweza mafumu ena pamwamba pa anzawo. Wopikisana naye sanafunsidwe.

Kalembedwe kakale kasakusokoneze. Mchinji ndi Fort Manning, Mangochi ndi Fort Johnston, Nsanje ndi Port Herald, Nkhotakota ndi Kota Kota, Chipata ndi Fort Jameson, Ntcheu ndi Ncheu, ndipo Nkhoma weniweniyu m'mapepala ambiri akale ndi Mkhoma. Dzina la mudzi wanu uliyese m'njira zonse zimene khutu la mlendo likanalimvera. Mudzinso umadziwika ndi dzina la mfumu, choncho ukagawikana dzina limasintha anthu ali pomwepo. A kumadzulo kwa Lilongwe ali ndi mwayi wina: minda ya kumeneko inalembedwa m'dzina la mabanja pa ndondomeko ya ndunda, malamulo a malo a 1967 atakhazikitsidwa, ndipo m'kaundula mwake muli mayina a oimira mabanja a nthawi imeneyo.

Ena anayenda kale njirayi ndipo ntchito yawo ilipo. Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, anayenda m'midzi kufunsa akuluakulu n'kulemba Mbiri ya Achewa m'zaka za m'ma 1940. Kings Phiri anachita chimodzimodzi m'ma 1970, kufunsa za mafuko ndi maufumu a chigawo chapakati, ndipo ophunzira mbiri ku Chancellor College analemba mapepala ambiri a za m'madera a kwawo. Ku Mandala mu Blantyre kuli laibulale ya Society of Malawi, ku Mua kuli Kungoni. M'mabukuwa mupeza za Kalonga, za Undi, za a Banda ndi a Phiri. Koma mfunda wokha si umboni wa chibale. A Phiri ali kuyambira ku Nsanje mpaka ku Katete ndi ku Angonia, ndipo si Phiri aliyense amene ndi mdzukulu wa Kalonga. Kale mfunda unkatsata kwa mayi, pambuyo pake ambiri anayamba kutenga chiwongo cha bambo, ena anatenga cha Angoni amene anawagwira kapena kuwasunga. Ukamva kuti agogo anali Nabanda kapena Nangozo, funsa kuti anautenga mbali iti.

Apa ndi pamene pamatulukira nkhani zonong'ona. Pafupifupi mudzi uliwonse wakale uli ndi bele limene kholo lake ndi mayi amene "analibe kwawo." Ena anagwidwa pankhondo, ena anaperekedwa chikole pamlandu kapena kusinthidwa ndi chakudya pa njala, ena anatsala panjira ya ku Nkhotakota kwa Jumbe. Mayi wotere analibe malume womuimira, ndipo ana ake ankakhala a mwini mudzi. Akuluakulu amadziwa ndithu kuti ndi bele liti, ndipo nkhaniyi imasungidwa mpaka tsiku lolimbirana ufumu kapena munda, pamene imatulutsidwa kuti ipweteke. Ine maganizo anga ndi akuti zoona zilembedwe m'kope la banja, chifukwa mayiyo anavutika ndipo kumufufuta ndi kumulanda kwawo kachiwiri. Koma wofufuza si woweruza, ndipo zimene wauzidwa pamphasa sizokaimika nazo pabwalo. Ngati mudzi uli pa mkangano wa ufumu, ndi bwino kudikira kuti kuzizire, apo ayi aliyense adzakuuza mbiri yokomera bele lake.

Za nkhondo ndingodutsamo. Pa nkhondo yoyamba asilikali a Keyala ochokera m'dziko muno anali pafupifupi 19,000, pamene a tengatenga anali pafupifupi 200,000. Mayina a asilikali ena ali pachipilala cha ku Zomba, koma a tengatenga ambiri amene anafera m'njira sanalembedwe, ndipo bungwe la Commonwealth War Graves Commission linavomera mu 2021 kuti anthu akuda sanakumbukiridwe mofanana ndi azungu. Melvin Page anajambula mawu a otsala a nkhondoyo m'ma 1970, ndipo buku lake The Chiwaya War lingakuthandize kumva zimene kholo lako linaona. Ngati pakhomo pali mendulo, yang'ana m'mphepete mwake ndi kumbuyo, chifukwa ambiri a nkhondo yoyamba anadindidwa nambala ndi dzina la msilikali.

Bala lalikulu la mabanja a kuno ndi machona. Komiti ya boma imene inafufuza za anthu opita kunja mu 1935 inapeza kuti amuna pafupifupi 120,000 anali kunja kwa dziko, ndipo ambiri mwa iwo anali atasiya kulemba makalata. Ena ankapita ndi Wenela kumigodi ya ku Joni, ena pambuyo pake ndi Mthandizi kumafamu a ku Southern Rhodesia, ochuluka ankangopita selefu, wapansi. A Wenela ndi osavuta kuwalondola, chifukwa kampaniyo inkalemba munthu aliyense, kumudinda zala ndi kumupatsa nambala. Inaletsedwa kutenga anthu a kuno mu 1913 chifukwa ankafa kwambiri ndi chibayo, inayambiranso m'ma 1930, ndipo pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi a kumigodiko anali oposa 100,000. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown n'kupha anthu oposa 70 obwerera kwawo, Kamuzu n'kuimitsa ulendowo. Unayambanso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, n'kutheratu mu 1988. Mapepala akale a kampaniyi akusungidwa ku University of Johannesburg, ndipo TEBA ikadalipo. Chofunika ndi nambala ija. Kakhadi kothimbirira ka m'sutikesi ya malemu, kamene ana amafuna kukolezera moto, ndi kamene kamatsegula zonse, ngakhale nkhani za chipukuta misozi cha odwala chifuwa cha m'migodi.

Opita selefu ndiye ovuta. Amene ankalowera ku South Africa nthawi ya chiletso ankagula zitupa m'njira n'kusanduka anthu a ku Mozambique kapena a ku Rhodesia, dzina, mudzi ndi mfumu zonse zachilendo. A ku Southern Rhodesia analibe chifukwa chobisira kwawo poti anthu a ku Nyasaland ankafunidwa m'mafamu ndi m'migodi, choncho dzina likhoza kusintha koma mfumu ndi boma pachitupa zimakhala zoona.

Agogo anga anali ndi mlongo wawo, woyamba kubadwa, amene ananyamuka dzombe litangotha, kudzera ku Tete. Anatumizako bulangete ndi kalata, kenako zii. Ndiye amene akanakhala mwinimbumba, ndipo agogo aang'ono mpaka ukalamba wawo ankati akamva galimoto yaima kumsewu madzulo amatuluka. M'buku la mpingo lija, pamzere wa dzina lake, panalembedwa kuti anapatsidwa kalata ya msamuko yopita ku Salisbury. Kumeneko Vlok yemwe uja anali atayamba kusonkhanitsa Akhristu ochokera kuno kuyambira 1912, ndipo mpingowo ndi umene lero uli Sinodi ya Harare ya CCAP. Ndinalembera mkulu wa mpingo wina kumeneko, osatsogoza dzina la munthuyo, koma mudzi, mfumu, mfunda ndi mayina a alongo ake. Mkuluyo anafunsa m'mipingo ndi m'magulu othandizana pamaliro, amene anthu a kwathu anayambitsa m'migodi ndi m'makomboni ndipo amasunga mabuku a mamembala. Panapita nthawi yaitali ndithu. Tsiku lina pa WhatsApp panafika chithunzi cha chitupa chong'ambika m'mapindiro. Dzina loyamba linali lachilendo, la kuntchito. Pamalo a dzina la bambo panali dzina lake lomwe la paubwana. Koma mfumu inali Mazengera, boma Lilongwe, ndipo wotumizayo analemba kuti mayi ake, mwana woyamba wa malemuyo, anapatsidwa dzina limene aliyense kumeneko ankalephera kulitchula. Linali dzina la agogo anga.

Munthuyo anakwatira mkazi wa Chishona, anagwira ntchito pafamu ya fodya, kenako pamgodi, ndipo anagona komweko. Ana ake anakulira pakati pa miyambo iwiri yosemphana. Kwa amayi awo mwana ndi wa bambo, choncho ankauzidwa kuti kwanu ndi ku Malawi. Kuno mwana ndi wa mayi, choncho akanabwera akanauzidwa kuti kwanu ndi kumene munachokako. Boma la Zimbabwe nalo, ndi lamulo la unzika la 2001, linasiya ambiri otere ali alendo m'dziko lobadwira, mpaka malamulo aakulu a 2013 anazindikira obadwira kumeneko amene kholo lawo linachokera m'maiko a SADC. Adzukuluwo Chichewa amachimva pang'ono, gule amamudziwa poti amavinidwa m'makomboni mwawo, ndipo chimene ankafuna kwa ine si munda ayi, koma dzina la mudzi ndi mayina a azakhali a mayi awo.

Kope langa linalibe malo awo, poti masamba ake amatsata amayi ndipo ana a mwamuna amalembedwa kwa akazi ake. Ndinapita nayo nkhaniyi kwa malume. Anakhala chete nthawi, kenako anati, "Mphwanga, munthu uja akanakhala pano bwenzi ana akewo tikuwadziwa, akubwera kudzadya nsima kwa azakhali awo. Alembe." Ndinawatsegulira tsamba lawo pambuyo pa la agogo, ndipo mwana akabadwa ku Harare kapena ku Kadoma amanditumizira dzina ndi tsiku, ine n'kuwonjezera. Makope ena awiri ndinajambulitsa, lina lili kwa alongo anga kumudzi, lina linapita ku Zimbabwe ndi dalaivala wa basi.